Database yathu ya kusukulu sigwira ntchito yambiri, ndiziisamala bwanji?

Uthenga uwu unandipeza sabata yatha, ndaudulako pang'ono koma mfundo zake ndi zomwezi:

"Moni bambo. Ine ndimaphunzitsa masamu pa sekondale ina ya pulaiveti, koma poti ndine amene ndimadziwako za makompyuta, anandisenzetsanso udindo woyang'anira kompyuta imene muli database yathu. Ndi PostgreSQL 12 pa Ubuntu 20.04, anatiikira mnyamata wina zaka zingapo zapitazo, panopa anapita ku Joni ndipo nambala yake sikupezekanso. Muli maina a ana, mafizi ndi mamakisi a mayeso. Oigwiritsa ntchito ndi anthu anayi kapena asanu basi, ndipo kupatula sabata zoyamba za teremu, tsiku lonse mwina amangolowetsa zinthu makumi awiri. Yonse sikufika ndi 1 GB yomwe. Sinavutepo. Koma ndikawerenga pa intaneti ndimangoona za vacuum, reindex, tuning, monitoring, mpaka ndimachita mantha. Kodi ndizichita chiyani sabata ndi sabata, kapena ndingoisiya poti ikuyenda?"

Aphunzitsi, choyamba mtima pansi. Zambiri mukuwerengazo analembera anthu amene database yawo imalandira zinthu zikwizikwi pa mphindi imodzi, a mabanki, a makampani a mafoni, a masitolo a pa intaneti. Inu muli ndi njinga yopitira kumsika koma mukuwerenga buku la kasamalidwe ka basi ya ku Joni, nde mutu uyenera kuzungulira ndithu. Anthu asanu ndi deta yosakwana 1 GB, PostgreSQL sakumva n'komwe kuti pali amene akumugwiritsa ntchito.

Koma mawu anu aja akuti "sinavutepo" ndi amene andichititsa kuti ndiyankhe motalika. Pa zaka zimene ndakhala pa ntchitoyi, ma database amene ndinaitanidwa kukalira maliro ake ambiri sanali otanganidwa ayi, anali a phee ngati yanuyi. Yotanganidwa ikangotsokomola pang'ono foni imalira nthawi yomweyo, anthu amaiyang'ana tsiku lililonse. Ya phee imakhala pansi pa desiki mu ofesi ya a bursar, fumbi lili mbuu, aliyense akuganiza kuti mnzake ndi amene amaiona. Ndipo siimafa chifukwa cholemedwa. Imafa chifukwa diski yakalamba, kapena yadzadza, kapena mphenzi, kapena akuba athyola ofesi, kapena wina wafufuta zolakwika, ndiye tsiku limenelo m'pamene mumazindikira kuti backup inasiya kuyenda chaka chatha.

Nde tiyambe ndi backup, ndipo apa ndikhalitsapo chifukwa zina zonse zili m'munsimu ndi zokometsera chabe.

Pa database ya saizi yanu pg_dump, kapulogalamu kotengera backup kamene kamabwera ndi PostgreSQL, ndi yokwanira. Muziiyendetsa ndi -Fc kuti izitulutsa fayilo imodzi yofinyidwa kale imene pg_restore amatha kuibwezeretsa, ngakhale tebulo limodzi lokha ngati mwafuna. Chimene ambiri amaiwala n'choti pg_dump satenga maakaunti a anthu ndi mapasiwedi awo, zimenezo zimatengedwa padera ndi pg_dumpall --globals-only, kafayilo kakang'ono kwambiri koma mukakasowa tsiku lobwezeretsa mudzatuluka thukuta, pulogalamu ikukana kulowa inu osadziwa chifukwa chake. Muzitenganso kope ya postgresql.conf ndi pg_hba.conf, komanso foda ya pulogalamu imene a ku ofesi amagwiritsa ntchitoyo, poti mwini wake kulibe ndipo simudzaipeza kwina.

Tsopano funso limene ndimafunsa aliyense: kodi kompyutayo imakhala yoyaka usiku? Anyamata ambiri akamaika makinawa amakopera zimene aona pa intaneti, amauza cron, kapulogalamu ka Linux koyendetsa ntchito pa nthawi yoikika, kuti azitenga backup 2 koloko usiku. Kumayiko kumene seva imakhala yoyaka chaka chonse zimenezo zili bwino. Koma pa sukulu pamene mlonda amathimitsa zonse 5 koloko madzulo, kapena magetsi amapita usiku, cron wamba sabwerera kukachita ntchito imene inamudutsa, nthawi ikapita yapita. Njira zilipo ziwiri, kugwiritsa ntchito systemd timer yokhala ndi Persistent=true kapena anacron, zimene zimachita ntchito yotsalayo kompyuta ikangoyaka, kapena chophweka kwambiri, kungosuntha nthawiyo kuti izikhala masana, 12:30 anthu ali ku nkhomaliro. Musaope kuti isokoneza ogwira ntchito, pg_dump satsekereza anthu kuwerenga kapena kulemba, amatenga chithunzi cha mmene zinthu zinalili pa nthawi imene wayamba, ndipo pa deta yochepa chonchi amamaliza musanamalize kumwa tiyi.

Musamasunge backup imodzi yokha yomangoilemba pamwamba. Vuto la kusukulu nthawi zambiri silikhala loti diski yafa, limakhala loti wina analemba mamakisi a Fomu 3 East pa maina a Fomu 3 West mu Febuluwale ndipo zadziwika mu Epulo makolo akudandaula. Ngati muli ndi ya dzulo yokha ndiye kuti mwasunga bwinobwino cholakwikacho. Ine ndikanakhala inu ndikanasunga za masiku 14 apitawa, imodzi ya mwezi uliwonse kwa chaka, ndi imodzi ya pa mapeto a teremu iliyonse yosafufuta konse. Malo si vuto, mafayilo anuwo ndi ang'onoang'ono.

Ndipo asakhale mu kompyuta yomweyo basi. Backup yokhala pa diski imodzi ndi database imafera limodzi ndi mwini wake. Ngakhale hard drive yakunja yolumikiza pa USB n'kuisiya pamwamba pa kompyutayo, wakuba akabwera amanyamula zonse ziwiri, mphenzi nayo siisankha. Pakhale kope imodzi imene ili kunja kwa ofesiyo. Ngati intaneti ilipo, kapulogalamu kotchedwa rclone kamatha kutumiza fayiloyo ku Google Drive kapena kwina, sizidya bandulo yambiri. Ngati palibe, mafulashi awiri osinthanasinthana Lachisanu lililonse, imodzi kumapita nayo kunyumba kwa a hedi. Koma kumbukirani kuti muli maina a ana, masiku awo obadwa, manambala a makolo ndi ngongole zawo, fulashi ikatayika mu minibasi zonsezo zili pa mbalambanda, ndipo kuno ku Malawi tili ndi Data Protection Act ya 2024 imene ikufuna kuti osunga zinthu zotere azizisamala. Muzikhoma fayiloyo ndi gpg isanatuluke mu kompyuta, pasiwedi yake ilembedwe pa pepala mu envelopu yomata isungidwe ndi a hedi. Ndinaonapo anthu ali ndi backup yabwinobwino koma kiyi wake anapita ndi munthu amene anasiya ntchito.

Chachikulu pa zonse ndi ichi. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Backup imene simunayesepo kuibwezeretsa idakali pachala. Kamodzi pa mwezi tengani fayilo yatsopano, pitani nayo pa laputopu ina imene mwaikapo PostgreSQL, pangani database yopanda kanthu ndi createdb, thiranimo ndi pg_restore, kenako werengani kuti ana alipo angati ndipo yang'anani ngati risiti yomaliza imene a bursar analemba dzulo ilimo. Ka nthawi koyamba kadzakuvutani, mwina tsiku lonse, ndipo n'chifukwa chake ndikufuna kavute lero muli ndi mtendere osati tsiku limene a hedi aima kumbuyo kwanu.

Musaganize kuti zimenezi zimagwera ife a kuno okha. Pa 31 Januwale 2017 kampani ya GitLab, anthu odziwa makompyuta kuposa inu ndi ine, injiniya wawo anafufuta foda ya database pa seva yolakwika. Atapita kukatenga backup ya pg_dump anapeza kuti mulibe kanthu, chifukwa pg_dump imene inkayenda inali ya 9.2 pamene database yawo inali 9.6, nde inkangolephera tsiku ndi tsiku, ndipo maimelo onena kuti yalephera sankawafika. Anapulumukira pa kope ina imene munthu anaitenga pamanja maola 6 m'mbuyomo, ndipo deta ya maola 6 amenewo inapita. Iwo eni anafotokoza zonsezi poyera.

Ine yanga inali yaing'ono koma inandiphunzitsa zomwezo. Pa ofesi ina anandionetsa monyadira foda yodzadza ndi ma backup, tsiku lililonse fayilo yake, madeti ali bwinobwino. Nditayang'ana kukula kwake, fayilo iliyonse inali 20 bytes. Wina anasintha pasiwedi miyezi ingapo m'mbuyomo, pg_dump n'kumakanidwa, koma poti script, kafayilo ka malamulo koyendetsa backup, inkapereka zotuluka zake kwa gzip, kapulogalamu kofinyira mafayilo, gzip ankangofinya mphepo n'kunena kuti zatheka. Kuchokera tsiku limenelo sindiyang'ana deti lokha, ndimayang'ananso saizi. Fayilo ya lero iyenera kufanana kapena kuposa pang'ono ya sabata yatha, ikatsika mwadzidzidzi pali nkhani.

Apa m'pamene pali monitoring yeniyeni ya munthu ngati inu. Simukufunika Grafana kapena Prometheus ndi magalafu ake okongola, zimenezo ndi ntchito ina yofunanso woisamala. Mukufunika chinthu chimene chizikuwa pamene ntchito SINACHITIKE, chifukwa kompyuta yothima siingakutumizireni uthenga woti yathima. Pali ma service ngati Healthchecks.io amene amagwira ntchito mozondoka, script yanu ikamaliza bwino imawagogodera, ndipo tsiku likadutsa osagogoda iwo ndi amene amakutumizirani imelo. Ngati intaneti ya kusukulu ndi yosadalirika, bola kungodziikira lamulo, Lolemba lililonse musanalowe m'kalasi mphindi zisanu pa kompyutayo.

Pa mphindi zisanuzo, mukatha kuona backup, lembani df -h muone mmene diski yadzadzira. Ikadutsa 80% yambani kufufuza. Kwa inu chodzadza diski sichidzakhala deta ya ana, chidzakhala ma backup akale amene palibe akuwafufuta, ma log, kapena mafilimu amene wina anasungamo poona kuti kompyutayo ili ndi malo. Nthawi zina imakhala foda yotchedwa pg_wal. Chonde chonde, musadzafufute kanthu mmenemo ndi manja. Mmenemo ndi mmene PostgreSQL amayamba walemba chilichonse asanachiike m'matebulo, zolembazo ndi zimene amati WAL, mukachotsamo fayilo database ikhoza kukana kudzukanso. Kale fodayi inkatchedwa pg_xlog, ndipo anaisintha dzina mu PostgreSQL 10 chifukwa anthu ankaona mawu akuti log n'kumaganiza kuti ndi zinyalala. Mwachizolowezi imakhala cha m'ma 1 GB kapena kucheperapo. Mukaona yafika ma GB ambiri ndipo ikungokulirakulira, kawirikawiri ndi chimodzi mwa ziwiri, archive_command (lamulo lokopera WAL kwina) imene ikulephera, kapena replication slot (yosungira WAL kuti seva yachiwiri idzatenge) imene mnyamata uja anapanga poyeserera n'kuiiwala. Mu psql, pulogalamu yolembera malamulo kwa PostgreSQL, lembani SELECT * FROM pg_replication_slots; akuonetsani. Pa PostgreSQL 12 slot yoiwalika imasunga WAL mpaka diski kudzadza, malire ake anabwera mu 13.

N'chifukwa chakenso sindikukulimbikitsani za WAL archiving ndi zida ngati pgBackRest kapena Barman. Ndi zabwino kwambiri, zimatha kubweza database pa mphindi yeniyeni imene mukufuna, koma zimafuna munthu woziyang'anira, ndipo zikasokonekera zimatha kudzadzitsa diski n'kugwetsa database imene inalibe vuto. Funso ndi loti mukhoza kupirira kutaya ntchito ya nthawi yaitali bwanji. Ngati a bursar amalembanso m'buku la malisiti, kutaya theka la tsiku n'kowawa koma kumakonzeka. Sabata zoyamba za teremu pamene makolo ali pa mzere, ingowonjezerani kuti pg_dump aziyenda katatu pa tsiku, zatha.

Kenako tsegulani log, pa Ubuntu ili mu /var/log/postgresql, musake mawu akuti ERROR, FATAL ndi PANIC. Ma ERROR ambiri ndi a pulogalamu kapena a munthu wolakwitsa polemba, muwazolowera. Magetsi akathima mwadzidzidzi mudzaona mzere wonena kuti database system was not properly shut down; automatic recovery in progress, umenewo usakuopseni, ndi PostgreSQL akudzikonza yekha pogwiritsa ntchito WAL ija, ndipo amachita bwino ntchito imeneyi. Koma amadalira kuti diski ikanena kuti yalemba ikhale italembadi. Lembani SHOW fsync; mu psql muone, iyenera kunena kuti on. Pali malangizo ena pa intaneti oti muithimitse kuti zinthu zizithamanga, kwa ife a magetsi othimathima kumeneko n'kudzitchera msampha wekha, ndipo inu liwirolo simukulifuna n'komwe.

UPS ngati mulibe gulani, ngati ilipo iyeseni. Batire yake imatha mphamvu pakapita zaka zochepa koma kagetsi kobiriwira kamangoyakabe ngati zonse zili bwino. Tsiku lina anthu ataweruka, backup mutatenga kale, zulani pulagi kukhoma muone ngati ikupirira. Ngati ili ndi USB, apcupsd kapena NUT amatha kuuza kompyuta kuti izizithimitsa yokha mwaulemu batire ikatsala pang'ono. Kulinso kabatire kakang'ono kozungulira ka pa motherboard kamene kamasunga nthawi, kakatha kompyuta imatha kudzuka ili m'chaka china, malisiti n'kumalembedwa ndi deti lolakwika, muzingoponyako diso pa wotchi. Ndipo kamodzi pa mwezi smartctl -a pa diski, mukaona manambala a reallocated kapena pending sectors akukwera, diskiyo ikutsanzika, musadikire.

Tsopano vacuum imene yakuopsaniyo. PostgreSQL mukasintha mzere safufuta wakalewo nthawi yomweyo, amalemba watsopano n'kusiya wakale pomwepo kuti amene anali mkati mowerenga asasokonezeke. Mizere yakufayi ndi imene vacuum amasesa kuti malo ake agwirenso ntchito. Kalekale anthu ankachita pamanja, koma kuyambira PostgreSQL 8.3 mu 2008 autovacuum, vacuum yodziyendera yokha, imabwera yoyatsa kale. Imadzuka tebulo likakhala ndi mizere yakufa yoposa 50 kuphatikiza 20% ya mizere yonse, kutanthauza kuti tebulo la ana 2,000 lidzasesedwa yakufa ikadutsa 450. Ntchito yanu ndi kungotsimikiza ndi SHOW autovacuum; kuti palibe anaithimitsa. Mukayang'ana mu pg_stat_user_tables n'kupeza kuti matebulo ena last_autovacuum ilibe kanthu, sikuti yawonongeka, sanafike pa mlingo basi.

Pali kanthu kamodzi kamene mabuku ambiri satchula koma kwathu kuno n'kofunika. Ziwerengero zimene autovacuum amadalirazo zimafufutika database ikagwa mwadzidzidzi. Nde ngati magetsi amaigwetsa kawiri pa sabata, kuwerenga kuja kumangoyambiranso pa ziro, 450 uja osafikika. Mankhwala ake ndi otchipa, vacuumdb --all --analyze kamodzi pa sabata pambuyo pa backup, pa database yanu ndi masekondi chabe ndipo satsekereza munthu. Muziyendetsanso ANALYZE mukangolowetsa ana ambiri atsopano kumayambiriro kwa chaka, komanso mukabwezeretsa ndi pg_restore. Koma VACUUM FULL ndi nyama ina, amakhoma tebulo lonse, amalilembanso lonse ndipo amafuna malo ena pa diski, musamuike pa ndandanda. REINDEX nayenso musiyeni.

Mwina munawerenganso za transaction wraparound, zoti database imatha kusiya kulandira zolemba manambala amene imawerengera zolembazo akayandikira 2 biliyoni. N'zoona, koma poti ndinu a masamu werengani nokha. Autovacuum amayamba kukonza zimenezi mokakamiza pa 200 miliyoni. Ngakhale titati mumalemba ka 1,000 pa tsiku, kuti mufike pamenepo ndi masiku 200,000, zaka zoposa 500. Gonani tulo.

Chimene chingakuvutitseni kwenikweni ndi munthu wotsegula transaction n'kuchokapo, mwachitsanzo wayamba kusintha zinthu mu pgAdmin, pulogalamu yoyang'anirira database, sanamalize, wapita ku maliro kumudzi laputopu ili chiyakire. Mu pg_stat_activity amaoneka ngati idle in transaction. Ameneyu amalepheretsa vacuum kusesa ndipo amatha kugwira mzere wina anzake n'kumangoona pulogalamu yaima. Mukamva kuti system yafiriza, yang'anani kumeneko musanathamangire kuthimitsa kompyuta. Mukhozanso kuika idle_in_transaction_session_timeout, mwina ola limodzi, kuti otere azidulidwa okha.

Za tuning ndilibe zambiri. shared_buffers imabwera ili 128MB, ndipo kwa anthu asanu palibe adzaone kusiyana mukaisintha. Ngati mukufuna kudziwa chimene chikuchedwa, ikani log_min_duration_statement pa 1000, chilichonse chopitirira sekondi imodzi chizilembedwa mu log. Mwina mudzapeza lipoti limodzi la kumapeto kwa teremu lofuna index, kamndandanda kothandiza database kupeza zinthu msanga, mwinanso simudzapeza kanthu.

Pamene ndikuona vuto lenileni mu kalata yanu ndi pa manambala awiri aja, 12 ndi 20.04. PostgreSQL amatulutsa mtundu waukulu chaka chilichonse n'kuusamala zaka 5, ndipo timakonzedwe ting'onoting'ono timatuluka mu Febuluwale, Meyi, Ogasiti ndi Novembala. Mtundu wa 12 anasiya kuusamala mu Novembala 2024, Ubuntu 20.04 nayo thandizo lake laulere la nthawi zonse linatha mu 2025. Sikuti mawa isiya kuyenda, koma bowo lililonse la chitetezo limene lapezeka kuchokera pamenepo likhala chitsegukire. Konzekerani kusamuka pa holide yaitali, osati mkati mwa teremu. Njira imene ndimaikonda pa database yaing'ono ndi kupeza kompyuta ina kapena diski yatsopano, kuikapo Ubuntu 24.04 imene imabwera ndi PostgreSQL 16, yosamalidwa mpaka Novembala 2028, kutenga deta ndi pg_dump ya mtundu watsopanowo n'kuithira kumeneko. Ubwino wake ma index onse amamangidwa mwatsopano. Kukopera foda ya deta kuchoka pa Linux wina kupita pa wina kuli ndi msampha, kasanjidwe ka zilembo kamatha kusintha pakati pa mitundu ya Linux, monga zinachitikira ndi glibc 2.28 mu 2018, index ya maina n'kumasowa anthu amene alimo. Kompyuta yakaleyo musaikhudze, ikhale pakona teremu yonse mpaka mutakhutira.

Chimene chingakane kusamuka si database koma pulogalamu ya mnyamata uja. Kuyambira PostgreSQL 14 mapasiwedi atsopano amasungidwa ndi njira yotchedwa scram-sha-256 ndipo ma driver akale kwambiri samaidziwa, mu 15 anachotsanso ufulu woti aliyense azipanga matebulo mu schema ya public. Ndiye muyese chilichonse, kulemba risiti, kusindikiza malipoti a ana, kukweza ana kupita kalasi ina, musanauze anthu kuti tasamuka.

Mukadali pomwepo tsegulani pg_hba.conf, fayilo yonena amene akuloledwa kulowa mu database. Mukaona mawu akuti trust pa mzere wa netiweki, ndiye kuti aliyense wofika pa port 5432, khomo lolowera mu PostgreSQL, akulowa popanda pasiwedi, ndipo ngati WiFi ya ana ndi ya ku ofesi ndi imodzi, muli mwana wa Fomu 4 wochenjera amene angadzipatse ma distinction. Lolani makompyuta a ku ofesi okha, ndipo port imeneyo isaonekere ku intaneti. Lembani \du mu psql muone maakaunti alipo, mwina wa ku Joni uja akadali superuser mpaka lero, pamodzi ndi a kalaliki amene anachoka zaka ziwiri zapitazo. Koma musasinthe pasiwedi musanadziwe kuti pulogalamu ndi script ya backup zimalowa ndi akaunti iti, paja nkhani ya 20 bytes ija inayamba choncho.

Gulani kope ya hadikava muzilembamo zonsezi, backup imapita kuti, imabwezeretsedwa bwanji sitepe ndi sitepe, munasintha chiyani tsiku liti, diski inali pa maperesenti angati. Inu mwavutika chifukwa mnzanu anapita ndi zonse m'mutu, nanunso tsiku lina mudzapeza ntchito kwina. Muphunzitsenso mphunzitsi mmodzi, ayese kubwezeretsa akuwerenga m'kopemo inu mutakhala chete.

Kwa ena owerenga amene muli ndi MySQL kapena MariaDB nkhani ndi yomweyi, kungoti chida chanu ndi mysqldump ndi --single-transaction, ndipo chodzadza diski kwanuko kawirikawiri ndi ma binary log. A SQL Server Express dziwani kuti mulibe SQL Server Agent, backup muyenera kuikonzera mu Task Scheduler ya Windows.

Nanga ndi liti pamene muyenera kuitana munthu? Mukaona mu log mawu ngati invalid page in block kapena could not read block, kapena pg_dump wayamba kulephera pa tebulo limodzi lomwelomwelo, diski kapena deta yawonongeka. Chimodzimodzi database ikakana kudzuka magetsi atabwera, pg_wal ikamakula osadziwa chifukwa, kapena mukapeza matebulo asowa pali uthenga wofuna ndalama. Zikatero chinthu choyamba ndi kuimitsa manja. Imitsani script imene imafufuta ma backup akale kuti abwino asapite, thimitsani PostgreSQL, koperani foda yonse ya deta pa diski ina, kenako m'pamene muziyesa zina. Pa intaneti mudzapeza wina akuti ingoyendetsani pg_resetwal idzuka, inde imatha kudzuka, koma deta ili yosokonekera mkati, ndipo ngati munalibe kope palibenso kobwerera. Ndinalandirapo ntchito zingapo zimene vuto loyamba linali lokonzeka, chinaononga zinthu ndi zimene anthu anayesa usiku ali ndi mantha. Pa kusamuka kuja nakonso, ngati pulogalamuyo ilibe source code kapena simukudziwa kuti inalembedwa ndi chiyani, uzani a hedi apeze ndalama ya munthu wa tsiku limodzi kapena awiri, musadzisenzetse nokha.

M'kalata mwanu simunatchulemo backup ngakhale kamodzi, nde ndikukayika ngati ilipo. Lolemba likubwerali lembani crontab -l, ndiponso sudo crontab -u postgres -l, muyang'anenso mu /etc/cron.d, muone ngati mnyamata uja anasiya kanthu. Mukapeza kapena osapeza, tengani pg_dump ndi manja tsiku lomwelo muike pa fulashi. Kenako mundilembere mundiuze zimene mwapeza, dzina la pulogalamu imene a bursar amagwiritsa ntchito, ndi zimene df -h akunena, tione za script pamodzi.